Tafunsani: ukwati uli ku Zomba, ana akufuna kuona malo akale

Sukulu zikamatsekera kumapeto kwa Julayi, makadi a ukwati amakhala atadzaza kale pa kabati. Makalata ambiri amene talandira mwezi uno ndi a mabanja amene akufuna kuti ulendo wa ku ukwati ukhalenso ulendo woonetsa ana malo a mbiri yakale. Tasankha amene njira yawo ikufanana.

FUNSO: Mwana wa mlongo wanga akukwatiwa Loweruka lina mu Ogasiti ku Zomba, ndipo nkhoswe ndine. Kuntchito andipatsa tchuthi kuyambira Lachinayi mpaka Lachinayi linalo. Ndikufuna ana anga atatu aoneko malo amene amangowamva m'kalasi. Tili ndi Sienta, ndipo titenganso mayi anga. Tiyambe kuona malo kenako ukwati, kapena tiyambe ukwati? Bambo wa ku Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Atsibweni, yambani ukwati. Tsiku la ukwati silisuntha, pomwe mapanga a ku Chongoni mudzawapeza pomwepo ngakhale mutachedwa mwezi. Galimoto ikakufererani ku Monkey Bay Lachisanu madzulo, abusa sadalitsa ukwati nkhoswe palibe, ndipo mlandu wake mudzaunyamula mpaka kumanda.

Nyamukani Lachinayi kusanache kwenikweni. Kuchokera ku Lilongwe kudzera ku Dedza, Ntcheu, Balaka ndi Liwonde mpaka ku Zomba ndi makilomita pafupifupi 290. Ndi ana komanso agogo m'galimoto, werengerani maola asanu kapena asanu ndi limodzi, chifukwa pa Lizulu ndi pa Tsangano simungadutse osagula mbatesi ndi kabichi zoti mukafike nazo kwa eni ukwati. Ikani pambali ndalama zolipira pa mageti a msewu a pa Kalinyeke ndi pa Chingeni. Tsiku limeneli musakhote kupita kwina kulikonse.

Lachisanu si lanu. Kuli kukumana ndi ankhoswe akuchimuna, kuyeserera ku tchalitchi, kuthamangira zimene komiti yaiwala, ndipo usiku kuli chilangizo. Amene angabe maola awiri m'mawa ndi akazi anu ndi ana, n'kukazungulira m'tauni ya Zomba momwemo. Lamulungu nalonso musaliwerengere. Akwati amakaonekera ku tchalitchi, mphatso ndi ndalama za perekaniperekani zimaperekedwa pamaso pa ankhoswe, ndipo nkhoswe yochoka mbandakucha osatsanzika imasiya mbiri yoipa.

Ulendo wanu weniweni uyamba Lolemba. Tsiku limenelo pitani ku PIM (Providence Industrial Mission, mishoni ya John Chilembwe) ku Chiradzulu n'kubwerera kukagona ku Zomba. Lachiwiri tsikirani ku Liwonde, imani ku Mangochi, mukagone ku Cape Maclear. Lachitatu dzerani msewu wotulukira ku Golomoti mukafike ku Mua, ndipo mugone komweko kapena mukwere phiri dzuwa lisanalowe n'kukagona ku Dedza. Lachinayi m'mawa onani Chongoni, masana muli kunyumba. Kuzungulira konseku, kuphatikizapo maulendo otumidwa a pa ukwati, ndi makilomita oposa pang'ono 1,000. Galimoto yodzaza ikamayenda makilomita 10 pa lita, mufunika malita 100 ndi ena 20 apadera. Thirani mafuta paliponse pamene mwawapeza thanki ikafika theka, makamaka ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi.

Ndalama kapena mphamvu zikachepa, chotsani ulendo wa Lolemba kapena wa kunyanja wathunthu. Musapanikize malo onse m'masiku ochepa. Mua ndi Chongoni tsiku limodzi ambiri amayesa chifukwa pa mapu zimaoneka zoyandikana, koma amafika ku mapanga dzuwa litapendeka, wowatsogolera atapita kwawo.

FUNSO: Chaka chatha tinapita ku ukwati titakonza zoti pobwerera tikagone kunyanja. Ndalama zonse zinathera mu holo, tinabwerera pa ngongole ya mafuta. Tichite bwanji kuti zisachitikenso? Mayi wa ku Kasungu.

YANKHO: Mayi, ndalama za ulendo zisalowe mu holo. Nyimbo ikagunda, MC n'kutchula dzina la banja lanu anthu onse akumva, dzanja limapita lokha m'chikwama. Ndiye chikwamacho chikhale ndi zokhazo zimene munagwirizana kunyumba.

Gawani ndalama m'magawo anayi musananyamuke. Gawo loyamba ndi la mafuta, mageti ndi zogwa mwadzidzidzi pa galimoto. Lachiwiri ndi la malo ogona, chakudya ndi zolipira pakhomo pa malo okaona. Awiriwa asakhale ndalama zogwirika. Asungeni ku banki, ku Airtel Money kapena ku Mpamba, pa foni ya amene ali wouma manja m'banjamo. Lachitatu ndi la perekaniperekani. Lachinayi ndi limene anthu amaliiwala: la abale. Azakhali adzakuitanirani kuseri kwa nyumba kuti alibe yobwererera kumudzi, msuweni adzanena za fizi, agogo akuchimuna simungawapatse moni wa manja okha. Kagawo aka kakhale ndi malire ake, ndipo mbali ina muisandutse katundu mudakali kwanu: shuga, sopo, mchere, chitenje. Paketi ya shuga imatseka nkhani mwaulemu kuposa K2,000 imene imaoneka yochepa.

Za perekaniperekani, werengani kuti mudzaimirira kangati. Wachibale wapafupi amaitanidwa ngati wakuchikazi kapena wakuchimuna, n'kuitanidwanso kuperekeza makolo, kuperekeza ankhoswe, ndi a mpingo, pogula keke, ndi pamene akuti onse ovala nsalu ya ukwati abwere kutsogolo. Kasanu ndi kamodzi mpaka kasanu ndi katatu si zachilendo. Tiyerekeze kuti mwaika K100,000. Mukaisintha kukhala ma K500, muli ndi mapepala 200, kutanthauza 25 ulendo uliwonse mukaimirira kasanu ndi katatu. Amangeni ndi labala m'timitolo ta 25, ndipo potuluka pa mpando muzitenga kamtolo kamodzi kokha. Ana apatseni ma K200 khumi aliyense, muwauze kuti akatha atha.

Chenje kachitengeni ku banki sabata isanafike ya ukwati. Amapereka m'mitolo ya mapepala 100, ndiye mtolo wa ma K500 ndi K50,000, wa ma K200 ndi K20,000. Mukadikira Lachisanu la kumapeto kwa mwezi mupeza eni maukwati ena anasesa kale. Makashiya a mu holo amasintha ndithu, koma koyambirira amakhala alibe zing'onozing'ono zokwanira, ndipo munthu amene wagwira K5,000 nyimbo ili mkati amangoiponya yonse. Ndalamazo ziikeni m'lichero kapena m'basiketi imene agwirizira akwati. A Reserve Bank akhala akudandaula za ndalama zopondedwa m'maukwati, ndipo zong'ambika zimavutitsa akwatiwo pokagula zinthu.

Musanatsike kunyanja tapani ndalama zogwirika ku Liwonde kapena ku Mangochi. Ma ejenti a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja nthawi zambiri sakhala ndi zokwanira kukupatsani zambiri nthawi imodzi.

FUNSO: Mwana wanga wa Sitandade 7 ndi wa Fomu 2 onse amaphunzira za John Chilembwe ndi za atsamunda. Tili ndi tsiku limodzi ndi theka ku Zomba. Tikaone chiyani chimene chingawathandize? Mphunzitsi wa ku Mchinji.

YANKHO: Aphunzitsi, theka la tsikulo lipatseni tauni ya Zomba. Inali likulu la dziko lino kuyambira nthawi ya Harry Johnston mu 1891 mpaka 1975 pamene boma linasamukira ku Lilongwe, ndipo aphungu anapitiriza kukumana komweko mpaka zaka za m'ma 1990. Nyumba ya Masongola, ya nsanja ziwiri zosongoka, inamangidwa mu 1886 ndipo ndi mmene munkakhala woimira boma la Britain. Pafupi pake pali munda wa mitengo wa boma ndi nyumba yakale ya malamulo, zonse zoyendeka wapansi. Potulukira ku Blantyre pali nsanja ya njerwa yokumbukira asilikali a King's African Rifles (KAR) amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Aimitseni anawo awerenge maina, apeza ofanana ndi a kwawo. Chenjezo limodzi: nsanjayi ili pafupi ndi Cobbe Barracks ndi ndende. Kamera iloze nsanja yokha. Ana a foni m'manja amajambula chilichonse, ndipo mutha kutaya ola mukufotokozera asilikali.

Tsiku lathunthu pitani ku Mbombwe, ku Providence Industrial Mission. Pa msewu wa Zomba kupita ku Blantyre imani kaye pa Namaka, pomwe pali kanyumba ka amtengatenga. Awa ndi anthu amene ankanyamula makalata wapansi pakati pa matauni awiriwa, ndipo apa ndi pomwe ankapumulira. Ndi malo a mphindi makumi awiri, koma mwana amene amatumiza uthenga pa WhatsApp amatulukapo ali ndi mafunso. Kuchoka apo pitirirani mpaka ku Limbe n'kulowera msewu wa ku Nguludi.

Nkhani ya Chilembwe iyambeni m'galimoto. Tulutsani K500 kapena K2,000, nkhope yake ili pomwepo. Anapita ku America ndi mmishonale Joseph Booth mu 1897, n'kubwerako ali mbusa mu 1900 pamene anayambitsa mishoniyi. Chimene chinamuwawa kwambiri ndi thangata m'minda ya azungu, makamaka ya A. L. Bruce ku Magomero, ndi kutengedwa kwa anthu akuda kukafa pa nkhondo ya azungu imene inayamba mu 1914. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira, napha William Jervis Livingstone, woyang'anira minda ya ku Magomero. Pa 3 Febuluwale Chilembwe anawomberedwa akulowera cha ku Mulanje. Boma linagumula tchalitchi chake, ndipo mishoni inakhala yotseka mpaka 1926 pamene Dr Daniel Malekebu anaitsegulanso. Izi zinenedwe musanafike chifukwa ana ambiri akaona tchalitchi chachikulu chimene chilipo lero amaganiza kuti ndi chimene anamanga Chilembwe. Ayi, ichi chinamangidwa pambuyo pake. Pemphani kuti akuonetseni pamene panali choyambacho.

PIM ndi likulu la mpingo, osati nyumba yoonetsera zakale. Mukafika yambani mwapita ku ofesi, mudzidziwitse, mupemphe munthu wokuyendetsani. Valani ngati mukupita ku tchalitchi, ndipo pochoka musiye kangachepe.

Ku Magomero kwenikweniko, kumene Bishopu Charles Mackenzie anakhazikitsa mishoni ya Anglikani ya UMCA mu 1861 ndi anthu olanditsidwa kwa ogula akapolo, kumakhotera cha pa Namadzi. Mbiri yake ndi yaikulu koma zooneka ndi maso n'zochepa. Ngati nthawi yathina, kusiyeni.

FUNSO: Mwamuna wanga akufuna tidzere ku Mua ndi ku Chongoni. Ife ndife opemphera, ndipo ana athu sanalowe mwambo uliwonse. Ndamva kuti kuli zinthu za gule ndi za chinamwali. Kodi n'koyenera kupita ndi ana? Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre.

YANKHO: N'koyenera, mayi, ndipo ku Mua mudzakhala muli pa mishoni ya Katolika. Inayambitsidwa mu 1902 ndi ansembe a chipani cha White Fathers. Malo a zachikhalidwe a Kungoni anawayambitsa mu 1976 ndi Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada amene anthu a kumeneko anamupatsa mfunda wa Chisale. Nyumba yoonetsera zakale ya Chamare ili ndi zipinda zitatu. Choyamba chimafotokoza mbiri ya mishoni. Chachiwiri ndi cha Achewa, ndipo ndi mmene muli zigoba za gule wamkulu mazanamazana. Chachitatu ndi cha Angoni ndi Ayao. Makoma akunja ajambulidwa mbiri ya dziko lino, moti mwana atha kuzungulira nyumbayo akuwerenga zithunzi ngati buku. Kuti muone bwino pamafunika maola awiri kapena atatu, ndipo tengani wofotokoza wa pamalopo. Popanda iye ana amangoona nkhope zoopsa, osadziwa kuti chigoba chilichonse chili ndi dzina, nyimbo ndi mwambo umene chimaphunzitsa, china chodzudzula ulesi, china chiwerewere, china umbombo.

Pali zinthu ziwiri zoti mukonzekere. Ana osakwana zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi ambiri amalira m'chipinda chachiwiricho, ndiye wamkulu mmodzi akhale wokonzeka kutsala nawo panja pomwe amisiri amasema ziboliboli. Chinanso, ngati pa gulu lanu pali wachibale wometa, mufunseni kaye. Ena sasangalala kuona zakudambwe zili poyera pamaso pa akazi ndi ana, ndipo mkangano wake ndi bwino uthere kunyumba kusiyana ndi pakhomo pa Chamare. Musanajambule chithunzi m'chipinda chimenechi, funsani.

Chongoni ndi nkhani ina. Si malo amodzi okhala ndi geti ayi. Ndi mapanga ndi miyala 127 yomwazikana m'mapiri a Dedza, imene bungwe la UNESCO linaiika m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2006. Alendo amapita ku Chentcherere, ku Namzeze ndi ku Mphunzi. Banja la tsiku limodzi lisankhe malo amodzi. Mufunse wokutsogolerani ku Dedza dzulo lake, chifukwa njira zake ndi zafumbi, zikwangwani n'zochepa, ndipo mutha kuima pansi pa mwala weniweniwo osaona kanthu.

Zojambula zilipo za mitundu iwiri, ndipo mwana akadziwa kuzisiyanitsa ulendo wapindula. Zofiira ndi zakale kwambiri, za Akafula kapena kuti Abatwa, anthu osaka nyama amene Achewa anawapeza kuno. Zambiri ndi mizere, madontho ndi zozungulira. Zoyera ndi za Achewa, zopakidwa ndi dothi loyera, ndipo zambiri zimaoneka ngati buluzi kapena nyama yotambasula miyendo mukaiyang'ana kuchokera pamwamba. Izi ankajambula ndi amayi pophunzitsa atsikana m'chinamwali. Ku Namzeze kulinso zoyera zosonyeza zilombo za nyau. Pena mupeza choyera chitapakidwa pamwamba pa chofiira, ndipo afunseni anawo kuti anayamba kujambula ndani. Za tanthauzo musadandaule. Wokutsogolerani anena zimene zimanenedwa pagulu, zam'tsimba sazitulutsa, ndipo inunso musamukakamize.

Zimene zimawononga malowa ndi alendo. Ena amathira madzi pa mwala kuti utoto uoneke bwino pa chithunzi. Madziwo amasungunula dothi loyeralo, ndipo akamauma amatulutsa mchere wa mu mwala umene umaphimba zofiira. Thukuta la m'manja nalo limadetsa, choncho asagwire. Ku Chentcherere muona maina a anthu olembedwa ndi makala ndi choko pamwamba pa zojambula za makolo. Aonetseni ana kuti aone kunyansa kwake, ndipo muonetsetse kuti m'thumba mwa mnyamata wanu mulibe choko. Kulemba kapena kugoba pa malo otetezedwa ndi mlandu. Pitani m'mawa, valani nsapato zotseka, tengani madzi lita imodzi munthu aliyense ndi majuzi, chifukwa mphepo ya Dedza mu Ogasiti siseka ndi munthu.

FUNSO: Tikubwera ku ukwati wa mchimwene wanga kuchokera ku Johannesburg pa basi. Ana anga awiri anabadwira kuno ndipo sanafikeko kumudzi. Akufunitsitsa kukasambira ku Cape Maclear. Ndiope chiyani? Mayi wa ku Johannesburg.

YANKHO: Choyamba opani kuchedwa. Basi yodzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Zobue mpaka pa Mwanza imadutsa zipata zitatu za mayiko, ndipo chilichonse chingakudyereni maola. Gulani tikiti yoti mufike Lachitatu, osati Lachisanu. Ngati bambo awo sakubwera nawo, tengani zikalata za kubadwa za anawo ndi kalata yolumbira ya bamboyo yovomereza ulendowu, pamodzi ndi kope la chiphaso chawo. Zovala za ukwati zikhale m'chikwama cha m'manja, osati m'ngolo ya katundu.

Chachiwiri ndi malungo. Ana okulira ku Johannesburg alibe chitetezo chilichonse m'thupi, ndipo inunso chimene munali nacho chinatha ndi zaka zimene mwakhala kunja. Kaonaneni ndi dokotala musananyamuke. Mankhwala oteteza a atovaquone ndi proguanil amayambidwa tsiku limodzi kapena awiri musanalowe dera la malungo, n'kupitiriza masiku 7 mutatulukamo. Doxycycline sapatsa ana osakwana zaka 8 kapena amayi oyembekezera, ndipo amapitirizidwa masabata 4. Tengani neti zanu, chifukwa pa nyumba ya ukwati anthu amagona pabalaza mpaka pakhonde ndipo neti sizikwanira. Malungo saonekera asanathe masiku 7 chilumidwire, ndiye nthawi zambiri mwana amadwala mutabwerera kale. Akatentha thupi, uzani dokotala tsiku lomwelo kuti munali ku Malawi ndipo ayezedwe magazi. Ambiri kumeneko amayamba aganiza za chimfine.

Chachitatu ndi likodzo. Ku Cape Maclear lilipo. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi osaya, makamaka pomwe pali mabango ndi pomwe anthu amachapa ndi kusamba, ndipo timalowa pa khungu. Kumwa praziquantel mawa lake n'kutaya mankhwala, chifukwa amapha nyongolotsi zokhwima zokha. Dikirani masabata 6 mpaka 8, kenako mupite nawo kuchipatala. Mlingo wake umatengera kulemera kwa mwana, choncho musagawire mapiritsi mongoganiza. Mu mtsinje wa Shire, kaya pa Liwonde kaya pa Mangochi, asaviike ngakhale phazi. Muli ng'ona ndi mvuu. Pa boti aliyense avale jekete yoyandamitsa, ndipo mwera ukamawomba, monga umachitira miyezi yozizira, ulendo wa ku zilumba usiyeni.

Musalole kuti nyanja idye tsiku lonse. Pa Mangochi, pafupi ndi mlatho, pali nsanja ya wotchi ya 1903 yokumbukira Mfumukazi Victoria, kuyambira nthawi imene tauniyi inkatchedwa Fort Johnston. Pambali pake pali mzinga wochokera mu sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inawombera sitima ya Ajeremani pa doko la Liuli kutsidya kwa nyanja, komanso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Viphya mu 1946. Pa msewu wolowera ku Cape Maclear imani pa Mwala wa Mphini, umene mizere yake imaoneka ngati mphini za pankhope ngakhale kuti inadzilemba yokha ndi mvula ndi dzuwa. Kumapeto kwa mudzi wa Chembe, mkati mwa paki momwe mumalipira polowa, muli manda a amishonale a ku Scotland amene anafika ndi sitima ya Ilala mu 1875. Apa ndiye pa Livingstonia woyamba. Malungo anawapha motsatizana mpaka Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ku Bandawe mu 1881, kenako ku Khondowe mu 1894. Mwana wokana kumwa mankhwala a malungo muimitseni pa manda amenewa.

FUNSO: Galimoto yanga ndi yosintha yokha magiya. Anzanga akundiopseza za msewu wa Ku Chawe ndi wa Golomoti. Vuto lake n'chiyani? Bambo wa ku Salima.

YANKHO: Potsika vuto ndi mabuleki, pokwera vuto ndi injini. Mukatsika phiri la Zomba galimoto ili pa D phazi lili pa buleki njira yonse, mapadi amatentha, mafuta a buleki amawira, ndipo pedulo imayamba kulowa pansi ngati mwaponda siponji. Chotsani pa D muike pa 2 kapena L, kapena pa S ndi B ngati yanu ili ndi zimenezo, kuti injini izigwira galimoto. Buleki muziponda mwamphamvu pang'ono n'kusiya, osati kukhalapo. Mukamva fungo la chinthu chopserera, imani pamalo otakasuka mphindi makumi awiri, ndipo musathire madzi pa mawilo otentha.

Kuchokera ku Golomoti kukwera mpaka pa Masasa, zimitsani eyakoni, yang'anani muvi wa kutentha. Ukakwera imani, tsegulani boneti, dikirani theka la ola musanakhudze chitsekero cha radiyeta. Anthu ambiri apsa nkhope potsegula msanga. Khalani ndi chigubu cha madzi cha malita 5.

Sabata isanafike ya ulendo onetsani mapadi, mafuta a buleki, lamba wa fani ndi mapaipi a madzi. Pompani matayala molingana ndi kapepala kamene kali pa chitseko cha dalaivala, pa mlingo wa galimoto yodzaza, ndipo sipeya muyitsitse muione, musangokhulupirira kuti ilipo. Jeke, sipanala ya mawilo ndi ma thirayango awiri zikhale pamwamba pa katundu, osati pansi pa thumba la ufa. Onani tsiku lothera COF ndi inshuwalansi, chifukwa marodibuloko pa njirayi ndi ambiri. Pobwerera abale adzapempha malo. Mipando ikadzaza yadzaza, ndipo mwana wonyamulidwa pamiyendo apolisi amamuwerenga. Mu Ogasiti mdima umagwa isanakwane 6 koloko, ndipo msewu wa Liwonde kupita ku Mangochi usiku umadzaza njinga zopanda nyale ndi ziweto. Konzani zofika kogona 5 koloko isanakwane.

FUNSO: Mayi anga ali ndi zaka 74, amamwa mankhwala a BP ndi a shuga, ndipo mawondo amawavuta. Akukana kutsala. Tiwatenge ulendo wonse? Mayi wa ku Likuni.

YANKHO: Atengeni, koma si malo onse amene ali awo. Ku Zomba m'tauni, ku PIM, ku Mangochi ndi ku Mua ayenda bwinobwino, ndipo mwina iwo ndi amene adzafotokozere adzukulu zambiri kuposa wotsogolera. Ku Chongoni n'kokwera miyala, choncho atsale m'munsi pa mthunzi ndi munthu mmodzi, kapena ku Dedza komweko. Mankhwala atenge a masiku owirikiza kawiri, agawidwe m'zikwama ziwiri, limodzi ndi buku lawo la kuchipatala. Pa msewu muziima maola awiri alionse kuti awongole miyendo.

Tsiku loopsa kwa iwo ndi la ukwati lenilenilo. Amamwa mankhwala a shuga m'mawa, ku tchalitchi kumachedwa, kujambulitsa kumatenga ola, ndipo perekaniperekani akayamba cha m'ma 1 koloko amatha dzuwa litapendeka, munthu atangolandira botolo la zoziziritsa kukhosi ndi kakeke. Aikireni m'chikwama chakudya chenicheni, monga mbatata yophika, dzira ndi nthochi, komanso madzi, ndipo mdzukulu mmodzi apatsidwe ntchito yowakumbutsa kudya nthawi yake. Akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta kapena kulankhula zosokonekera, shuga watsika. Apatseni chakumwa chotsekemera theka la kapu nthawi yomweyo, kenako chakudya, ndipo ngati sakusintha pakatha mphindi 15 thamangirani nawo kuchipatala. Mu holo apezereni mpando wa kumapeto kwa mzere, pafupi ndi khomo komanso kutali ndi masipika.